Nyumba Yomwe Tinaperekeza ku Beech Grove

Unkhoswe sindinaufune. Unandigwera chifukwa ine ndi a Mbewe tonse ndife a ku Mchinji, ndipo kuno kutsidya kwa nyanja, ku South Bend, munthu wa boma lako ndiye m'bale wako, ngakhale kumudzi simunamwe chitsime chimodzi. Tsiku la chinkhoswe chawo ndinavala suti, ndinadya nkhuku, ndinajambulitsa. Palibe anandiuza kuti tsiku lina ndidzagona chagada pansi pa galimoto m'mbali mwa msewu, oyilo akundidonthera m'khutu, chifukwa cha banja lomwelo.

Banjalo linali litapendekeka kale. A Mbewe ankagwira ntchito ku Elkhart, kufakitale yopanga magalimoto aja okhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi m'kati, amene azungu amakagonamo kutchire akatopa ndi nyumba zabwino. Chuma chitasokonekera, fakitale inachotsa anthu, iwo n'kukhala m'gulu loyamba. Lendi inawakanika. Anayamba kusamukasamuka, mwezi uno m'chipinda chapansi kwa uje, mwezi wamawa kwa uje, ana awiri ndi zikwama. Mapeto ake mkazi wawo, amake Chisomo, anapeza ntchito yosamalira okalamba ku Indianapolis, n'kutenga ana kukakhala kwa alongo awo a Kamwendo ku Beech Grove. Anati ndi za miyezi yochepa chabe. Miyezi ija inabala zaka.

A Mbewe atapeza kantchito konyamula makatoni, sanafune nyumba ya lendi. Anakagula kwa mayi wina wamasiye chigalimoto chanyumba chakalekale, cha m'ma 1970, chamtundu wa tiyi wamkaka, chimene chinakhala pabwalo mpaka udzu kumera kuzungulira matayala. Injini inkalira bwino. Giyabokosi ndiyo inali yakufa. Oyilo wake, amene amayenera kukhala wofiira, anali wakuda bii, akununkha ngati mpunga wopserera.

“Achimwene, mkazi sangabwerere kwa munthu wogona pa sofa ya eni,” anandiuza. “Ichi ndikachikonza ndipita nacho konko. Kummwera kwa tawuni kuli malo opakako magalimoto otere. Tizikakhalamo tonse anayi, ine ndikusaka ntchito.”

Nyengo yonse yozizira anaithera m'shedi ya mkulu wina wa mpingo. A Mbewe si makaniko. Kufakitale ankangokhoma makabati. Ankaphunzira poonera mavidiyo pafoni, kuimitsa, kubweza, kuimitsanso ndi chala chamafuta. Tsiku lotsitsa giyabokosi ndinalipo, ndipo msana wanga ukukumbukirabe. Ataitsegula, timbale ta kilatchi tinatuluka titapsa ngati zitumbuwa zoiwalika pamoto. Anayala tizitsulo tonse pa thabwa, kalikonse pamalo pake, n'kutiletsa ngakhale kuyetsemula. Anagula timbale tatsopano tolimba kuposa takale, mphira zotsekera oyilo anasintha zonse, sefa anasintha, kenako anawonjezera kaladiyeta kakang'ono kutsogolo koziziritsa oyilo, poti anamva kuti chimene chimapha magiyabokosi a magalimoto olemera chonchi ndi kutentha. Anaimanga, anaikweza, inakana kulowa livesi. Anaitsitsanso. Sinowo atasungunuka, chinyumba chija chinatuluka chokha m'shedi n'kuzungulira tchalitchi, a Mbewe ali pachiwongolero akupukuta maso ndi nsanza ya oyilo.

Kenako a Kamwendo anandiimbira. Iwo ndiwo anali nkhoswe ya kuchikazi. Anati Loweruka masana tikakumane kwawo tikambirane za banja, ndipo malume a amake Chisomo adzalankhula nafe pafoni kuchokera ku Dowa. Mawu awo anali aulemu kwambiri, ulemu wakuti ukaumva mtima umazizira. Ndinapempha a Mbewe kuti tipite pa kagalimoto kanga, tikafike msanga, tisanadetse malaya.

“Ndikafike chimanjamanja ngati kale?” anatero. “Ayi. Akaone kuti chinthu chimodzi ndinachimaliza.”

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinakwera.

Tinanyamuka m'mawa, tili atatu. Wachitatu anali mayi Nkhoma, mayi wamkulu wa kutchalitchi kwathu, amene anamva kuti kuli ulendo n'kupempha kuti akaone mwana wawo wamkazi ku Indianapolis. Anabwera ndi thumba la mpiru wa m'dimba lawo. Anayendera chinyumba chonse ngati akufuna kuchigula: anatsegula kabati, anakhala pabedi lalikulu kumbuyo, anagwira makatani amene a Mbewe anasoketsa ndi chitenje, anasuzumira timabedi tiwiri ta ana, kena pamwamba pa kanzake. Atatha anatigwiritsa manja n'kupemphera pemphero lalitali, lotchula matayala, injini, apolisi ndi Satana. Giyabokosi sanaitchule, ndipo ine ndinazindikira.

Mpaka ku Plymouth zinali bwino, bwino kochititsa mantha. Giya ikamasintha a Mbewe ankakweza chala. “Mwamva? Yachiwiri imeneyo. Dikirani. Eya, yachitatu! Ngati batala.” Ine ndinali bize kukonza mawu anga m'mutu: kuti banja ndi kupirira, kuti ana akufuna bambo wawo, kuti munthu uyu wagwira ntchito ndi manja ake. Ndinkawabwereza, koma ngakhale m'mutu mwanga momwemo ankamveka ofooka.

Titadutsa Rochester, mayi Nkhoma anafuula ali kumbuyo. “Kodi ndani akukazinga mtedza?”

Injini inalira mokweza, koma galimoto inayamba kufooka. A Mbewe anaikhotetsera m'mbali. Titatsika tinaona mzere wofiira pa tala, wautali, kubwerera kumene tinachokera. Paipi yopita ku kaladiyeta katsopano kaja inali itavuka, oyilo yense wathera mumsewu. Chinthu chimene anawonjezera kuti chiteteze giyabokosi ndicho chinaikhetsa magazi. A Mbewe anaima manja ali m'chiuno, akuyang'ana mzerewo. Mayi Nkhoma anatsika, anauyang'ananso, n'kungoti, “Madzi akatayika saoleka,” kenako anazindikira kuti alankhula pamaso pa munthu wopita kumlandu wa banja, n'kuyamba kutsokomola.

Tinalowa pansi tonse awiri. Ine ndinagwira paipi, iwo akumanga. Tala ankawotcha msana, ndipo lole iliyonse ikadutsa chinyumba chonse chinkagwedezeka pamwamba pathu. Paipi inabwerera pamalo pake, koma oyilo amene ananyamula wapadera anali botolo limodzi lokha, losakwana n'kunyowetsa kukhosi. Kumanja chimanga, kumanzere chimanga, munthu osaoneka. Kwathu galimoto ikafa pamatuluka anthu osadziwika kumene achokera, wina ndi malangizo, wina ndi nzimbe zogulitsa. Kuno umafa wekha, anthu akudutsa atatseka mawindo.

Tinadikira. Dzuwa linakwera. Mayi Nkhoma anatulutsa mandazi, tinadya ndi manja ofiira. Nthawi ya msonkhano inakwana tili pomwepo, ndipo a Kamwendo anaimba.

“Muli pati, ankhoswe anzanga? Malumetu afika kale pasitolo pamene pamagwira netiweki. Ayenda mtunda.”

Ndinawauza kuti galimoto yavuta pang'ono. Anafunsa kuti bwanji osaisiya n'kuitanitsa galimoto yodzaikoka, ife n'kubwera pa ina. Ndinayang'ana a Mbewe. Anapukusa mutu.

Pamapeto pake anaima mlimi wina wachikulire wa pikapu, wosalankhulalankhula. Anandinyamula mpaka ku katawuni kena kotchedwa Peru, kusitolo ya zipangizo za galimoto, ndinagula katoni ya oyilo, iye n'kundibwezanso. Ndinamuthokoza mpaka anachita manyazi. Pobwera ndinapeza a Mbewe agona pansi pa galimoto osakonza kanthu, angogona, ndipo mayi Nkhoma atakhala pa sitepe ya chitseko akudzipepesa ndi chivindikiro cha poto.

Tikuthira oyilo, mayi aja anandikodola. “Ankhoswe, kodi akuchikazi akudziwa kuti mukubwera ndi nyumba?”

“Ayi, amayi. Akufuna akawadzidzimutse.”

“Akwawo kwa mkaziyu ndi a ku Dowa, eti?”

“Eya.”

Anati “Hmm,” n'kubwerera m'kati. Ine ndinali ndi botolo m'manja, oyilo akutsikira m'chigongono, sindinawafunse kuti akuganiza chiyani.

Galimoto inanyamuka, koma sinali ija ya m'mawa. Giya ikamasintha inkayamba yaganiza, kenako n'kugunda ngati munthu wamenya chitseko. A Mbewe anasiya kukweza chala. Nthawi imeneyo msewu wolambalala Kokomo unali usanatsegulidwe, ndiye munthu unkadutsa m'tawuni momwemo, maloboti ndondondo, onse ofiira ngati apangana. Kuima, kunyamuka, kuima, kunyamuka, chinyumba cholemera chotero. Fungo la mtedza linabwereranso. Chondipweteka china n'chakuti Kokomo ndi tawuni yopanga magiyabokosi. Tinkadutsa mafakitale aataliatali m'mbali mwa msewu, m'katimo muli atsopanotsopano osawerengeka, ife yathu imodzi ikufera pakhomo pawo.

Titatuluka m'tawuni a Mbewe anaponda mafuta. Yoyamba inalowa. Yachiwiri inalowa. Tinadikira yachitatu. Injini inangolira ngati mwana wakanidwa bere.

“Yasilipa,” anatero motsitsa. “Timbale tapsa muja oyilo anatayika.”

“Ndiye titani?”

“Tipita ndi yachiwiri.”

Tinapita ndi yachiwiri. Amene sanayendepo pa giya yachiwiri mumsewu waukulu wa kuno sadziwa manyazi. Tinkakwawa m'mphepete, magetsi ochenjeza akuphethira, aliyense akutipitirira n'kutembenuza khosi. Tikayenda pang'ono tinkaima kuti izizire. Tinaima pamalo omwetsera mafuta, tinaima pakhomo pa tchalitchi china chotseka, tinaima pansi pa mtengo pafupi ndi manda, pomwe mayi Nkhoma anakana kutsika. A Kamwendo anaimbanso. Anati ku Dowa kwada, mwini sitolo akufuna kutseka, koma malume akuti sachoka osaimaliza nkhaniyi. Ndinkalakalaka akanatopa n'kupita kukagona. Munthu wokalamba sadikira mumdima kuti angonena kuti pitirizani kukondana.

Ku Westfield ankakonza msewu, njira inatsala imodzi, ndipo kumbuyo kwathu kunapangika mzere wa magalimoto ngati tikuperekeza maliro. Mahutala analira. A Mbewe malaya anali atamatirira kumsana. Apa mpamene anayamba kulankhula, maso ali kutsogolo.

“Achimwene, mukuganiza kuti alowamo?”

Ndinafuna kunama, koma ndinalephera. “Sindikudziwa.”

“Bedi lija ndinalikulitsa. Amadandaula msana.”

Chisoni chinandigwira, ndipo ndinakwiya nacho. Ndinakwiyira a Mbewe chifukwa cha liuma, ndinakwiyira giyabokosi, ndinadzikwiyira ndekha kuti mawu onse amene ndinakonza m'mawa ndawaiwala.

Mwana wa mayi Nkhoma anatopa kudikira, anabwera kudzawatenga kumpoto kwa tawuni. Mpiru unali utafota. Potsika mayi Nkhoma anandigwira mkono.

“Ankhoswe, mukakafika musakayambe n'kuonetsa nyumba. Kayambeni n'kupepesa. Nyumbayi ikanakhala yobisika, ndikanati muibise.”

Koma chinthu chachitali ngati basi ungachibise pati? Msewu wothamanga wozungulira mzinda sitikanautha, choncho tinadutsa m'katikati mwa Indianapolis, pakati pa zipatala ndi maofesi, mpaka tinalowa m'timisewu ta Beech Grove dzuwa litapendeka. Tinaima pakhomo pa a Kamwendo utsi ukufuka pansi. Aneba anasuzumira m'mawindo. Ana awiri aja anatuluka akuthamanga, anakumbatira bambo awo, n'kulowa m'chinyumbamo akufuula m'Chingelezi, kulimbirana bedi lapamwamba. A Mbewe nkhope inawala koyamba chichokereni ku Plymouth.

Amake Chisomo anatuluka pambuyo, atavala chitenje pamwamba pa yunifolomu ya kuntchito. Anatipatsa moni mwaulemu, atapinda mawondo pang'ono. Anakwera, anayenda mpaka kumbuyo, anagwira makatani, anatsegula kabati imodzi n'kuitseka. Kenako anatsika.

Tinakhala pabalaza. Foni anaiika patebulo pakati pathu, mawu a malume akutuluka mokanda, agalu a ku Dowa akumveka kumbuyo. Tinalonjerana. Ndinapepesa chifukwa chochedwa, ndipo a Kamwendo anafotokoza kuti alamu abwera ndi galimoto yokhala ngati nyumba, akonza okha.

“Nyumba?” anatero malume. “Ankhoswe akuchimuna, tandiuzani inuyo. Ili ndi denga losadontha?”

“Eya, malume,” ndinayankha. Ndinaona ngati khomo latseguka.

“Chitseko chimatsekeka ndi kiyi?”

“Chimatsekeka.”

“Pophikira palipo?”

“Palipo, ndi madzi omwe.”

“Ana ali ndi pogona?”

“Aliyense bedi lake, malume. Munthuyu wavutika nayo nyengo yonse yozizira, ndi manja ake, ine ndine mboni.” Ndinalankhula monyada, ndikuyang'ana a Mbewe, iwo akugwedeza mutu.

Malume anatsokomola.

“Ndathokoza. Ndiye kuti mkamwini wamanga. Mwana wanga uyu wakhala akundipempha kalekale kuti apite kukhoti la kumeneko akathetse ukwati. Ine ndimakana. Kwathu kuno mwamuna sachoka asanamumangire mkazi nyumba. Akachoka chomwecho ndiye kuti watinyoza tonse. Ndinati dikira, amange kaye. Lero mboni yake yomwe yanena kuti wamanga. Mlandu ndi iye tilibe. Amusudzule mwana wanga mwamtendere, ana ndi ake, aziwaona.”

Mwambowo ndinkaudziwa. Ndinakulira m'mudzi momwe amuna ankaumba njerwa za nyumba imene sadzagonamo, kuti akamachoka achoke bwino. Tsiku lonse ndinakhala m'kati mwa nyumba yoteroyo, ndinagona pansi pake, ndinaithira oyilo, osaizindikira chifukwa inali ndi matayala.

“Malume, sitinabweretsere zimenezo,” ndinatero. “Munthuyu akufuna banja lake. Nyumbayi ndi yoti akhalemo onse.”

“Zimenezo afunseni mwini wake ali pomwepoyo. Ine batire likutha.”

Tonse tinayang'ana amake Chisomo. Anali atakhala pansi pa kapeti, miyendo atatambasula, maso ali pa manja awo.

“Bambo a Chisomo, mwavutika, ndaona,” anatero. “Sindikudanani nanu. Koma ndinadikira mpaka ndinasiya kudikira, ndipo sindinadziwe n'komwe tsiku limene ndinasiya. Mtima sungabwerere. Pepani.”

A Mbewe anandiyang'ana ine. Pa msonkhano wotere mwini nkhani salankhula, amalankhula ndi nkhoswe, ndipo nkhoswe yawo inali itatha mawu. Ndinayesa za ana, ndinayesa za malumbiro a kutchalitchi. A Kamwendo anandimvetsera mpaka kumapeto, mwaulemu womwe uja. Foni inali itazima kale.

A Mbewe akanatha kukana. Galimoto inali yawo, mapepala ake m'dzina lawo. Akanatha kunyamuka n'kubwerera nayo ndi giya yachiwiri yomweyo. Ndinawanong'oneza zimenezo. Anamvetsera phokoso la ana panja, akutsegula ndi kutseka timakabati. Kenako anapisa m'thumba, anatulutsa makiyi, n'kuwaika m'dzanja langa, poti mwamuna sapereka yekha. Ine ndinadzuka, ndinawapereka ndi manja awiri kwa a Kamwendo, a Kamwendo n'kupereka kwa mlongo wawo. Zikhadabo zanga zinali zidakali zofiira.

Tinagona kwa mwana wa mayi Nkhoma. Mayi aja atationa nkhope sanafunse, anangotitenthetsera madzi osamba. M'mawa mwake mwana wawo anatisiya pa siteshoni ya basi m'tawuni, tinagula matikiti obwerera ku South Bend, n'kukhala pa benchi. A Mbewe sanadye kanthu. Basi ili pafupi kubwera anandigwira bondo.

“Achimwene, inu mukadali nkhoswe. Tawaimbirani alamu. Muwauze kuti giya yachitatu ija ndi timbale tokha. Ndikhoza kumabwera Loweruka lililonse, ndiitsitse pomwepo pakhomopo, ndiimangenso. Sizitenga nthawi. Mwina miyezi iwiri, itatu. Sindizilowa m'nyumba.”

Ndinadziwa chimene ankapempha, ndipo si giya. Ndinapita pambali n'kuimba. A Kamwendo anamvetsera, anapumira m'mwamba, anati ndidikire afunse. Ndinamva mapazi, chitseko, mawu apansipansi. Anabwerera.

“Akuti athokoza. Koma tiikokera kuseri kwa nyumba, tiikhazike pa njerwa. Auzeni alamu asavutike. Nyumba sifuna giya.”

Ndinabwerera pa benchi. A Mbewe anadzutsa mutu, akundiyang'ana m'maso. Nkhoswe imafikitsa mawu monga yawalandirira, ndiye ndinawauza chimodzimodzi, osachotsa, osawonjezera.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. “Muwauzenso aikepo katoni pansi,” anatero. “Ikudonthabe. Ana angaterereke.”